Tafunsani a Malume: za mayunifolomu, maudindo ndi matransifa

Mwezi uno makalata ambiri abwera kuchokera kumalayini a polisi ndi kumabalaki, ena pa WhatsApp ena pa Facebook, ndipo pafupifupi aliyense wapempha kuti dzina lisatuluke. Musadandaule, sitilemba dzina kapena nambala ya ntchito ya munthu, tikudziwa kuti kumeneko mawu amodzi okha angakupezetse posting ya kumalire. Tasankhapo angapo.

Malume, ine ndine konstabo, chaka chino ndikukwanitsa zaka 11 pantchito koma paphewa mbee. Anzanga amene tinali nawo sikwadi imodzi ku sukulu ya polisi ya Kanjedza ena ndi ma sub-inspector, wina mpaka ndimamumenyera sawasha. Ndikumva kuti kumtunda kukasintha mabwana ndi pamene maudindo amagwa. Kodi ndidikire kuti IG (Inspector General, mkulu wa apolisi) asinthe kapena ndipeze wondigwira dzanja? — Konstabo wotopa, chigawo chapakati

Mphwanga, ndayamba ndi kalata yako chifukwa ndi imene yabwera mobwerezabwereza, kungosintha dzina la sitesheni basi.

Tiye tiwerenge limodzi anthu amene akhalapo pampando wa Inspector General kuyambira 2012 kufika 2022. Mu April 2012 mayi Joyce Banda atangolumbira, pasanathe ndi sabata yomwe anachotsa a Peter Mukhito nkuikapo a Loti Dzonzi. 2014 itafika boma litasintha, a Dzonzi anachoka, kunabwera a Paul Kanyama amene sanakhalitse, kenako a Lexten Kachama mu 2015, a Rodney Jose mu 2018, a Duncan Mwapasa mu 2019, a George Kainja mu 2020 a Chakwera atangolowa, ndipo mu June 2022 a Kainja anachotsedwa pa nkhani ya lipoti la bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB lokhudza wamalonda Zuneth Sattar, mpando nkupita kwa mayi Merlyne Yolamu. Anthu 8 m'zaka 10. Chonsecho malamulo aakulu a dziko lino, gawo 154, amati IG akhale zaka 5 ndipo atha kumuonjezera. Ena mwa amenewa anachoka chifukwa zaka zopumira zinakwana, ena ndale, ena nkhani zina, koma iwe taona kuti pa zaka zako 11 zo mpando umenewu wasintha kangati ndipo phewa lako likadali mbee. Ndiye kudikira IG wina ndi pulani imene waiyesa kale osadziwa, ndipo sinagwire.

Za wokugwira dzanja sindikunamiza kuti kulibe. Kulipo, aliyense kumalayini amadziwa mwana wa bwana amene anadumpha anthu. Vuto lake ndi loti amene wakwera chifukwa cha dzanja la munthu mmodzi amadziwika kuti ndi wa uje, ndiye uje akachoka ku likulu la polisi pa Area 30 mndandanda woyamba wa matransifa umakhala ndi dzina lake pamwamba. Pamene mipando ikusintha zaka ziwiri zilizonse, kudziwika kuti ndiwe wa bwana wakuti ndi ngongole imene udzabweza ndi chiongola dzanja.

Tsono chochita. Choyamba pita ukaone fayilo yako. Ndikunena zoona, apolisi ambiri sanaionepo fayilo yawo chilembedwere ntchito, sadziwa kuti muli chiyani. Mwina muli mlandu wa disipulini wa kalekale, unachedwa pa peledi kapena unasowa pa duty tsiku lina, nkhani inatha pakamwa koma pepala linatsala momwemo lopanda chosonyeza kuti inatsekedwa. Mwina satifiketi ya kosi imene unapanga sinafike nkomwe ku likulu, inathera mu kabati ya pa sitesheni. Anthu okonza mndandanda wa okwezedwa sakudziwa nkhope yako, sadziwa kuti unagwira mbava usiku mvula ikugwa, amaona zimene zalembedwa. Pempha kudzera kwa Station Officer wako mwaulemu, polemba, ndipo sunga kope ya kalatayo.

Chachiwiri, dziwa kuti mphamvu yolemba, kukweza ndi kulanga apolisi onse kupatula IG yekha malamulo anaipereka ku Police Service Commission, gawo 155. Mmenemo mumakhala jaji, mmodzi wa ku Civil Service Commission, IG kapena womuimira, Ombudsman, ndi loya. Zoona kuti pa maudindo a m'munsi zambiri zimathera m'manja mwa mabwana a polisi omwewo, koma kudziwa kuti pamwamba pawo pali bungwe kumakuthandiza polemba dandaulo, sulemba ngati wopempha chifundo, ulemba ngati munthu wofuna kudziwa chifukwa. Gawo 43 la malamulo omwewo limati munthu ali ndi ufulu wopatsidwa zifukwa polemba pa chiganizo cha boma chimene chikukhudza ufulu kapena zofuna zake.

Chachitatu, zaka 11 uli pa general duties pomwepo? Funsa za makosi. CID, prosecution, thrafiki, victim support, zala, zamakompyuta, nthambi zimenezi zimafuna anthu ndipo munthu wa luso lapadera savuta kumulembera rekomendeshoni chifukwa bwana ali ndi choti alembe. Ukangokhala wa pa kauntala ndi pa rodibuloko, ngakhale OC (Officer in Charge, mkulu wa pa sitesheni) wokukonda amasowa chonena kupatula kuti "ndi wakhalidwe labwino", ndipo akhalidwe labwino alipo masauzande.

Ndipo sawasha kwa mnzako wa sikwadi uja uzimenya bwinobwino, usamaonetse nkhope. Mawa akhoza kukhala iye wolemba lipoti lako.

A Malume, tinakangana pa bawo mpaka kutsala pang'ono kumenyana. Ine ndimati mkulu wa asilikali ndi mkulu wa apolisi onse amayenera kuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo, mnzanga akuti ayi. Tiweruzeni. — Wa pa bawo, Ndirande

Achimwene, mwaluza, mugulireni mnzanuyo chakumwa. Pa awiriwa, IG yekha ndi amene Pulezidenti akamusankha dzina limapita ku Nyumba ya Malamulo kuti aphungu avote. Mkulu wa asilikali a MDF amasankhidwa ndi Pulezidenti monga mkulu wa asilikali onse, palibe voti ya aphungu.

Ndipo voti ya IG yo si mwambo chabe ayi. Mayi Mary Nangwale anasankhidwa ndi a Bingu wa Mutharika mu 2004 kukhala mzimayi woyamba pa mpandowu, anagwira ntchito miyezi ingapo, koma mu 2005 aphungu anawakana, nthawi imene a Bingu anali atakangana ndi UDF ndipo analibe anthu okwanira m'nyumbamo. Zinatenga mpaka 2022 kuti mzimayi avomerezedwe, mayi Yolamu aja.

Kwa asilikali poti kulibe voti, kusintha kumachitika ndi chikalata chimodzi chochokera ku OPC, ofesi ya Pulezidenti ndi nduna. General Henry Odillo, amene anali mkulu wa asilikali a Bingu atamwalira pa 5 April 2012 ndipo asilikali anaima ndi malamulo kuti wachiwiri kwa Pulezidenti ndiye atenge mpando, anachotsedwa mu 2014 a Peter Mutharika atangolowa. General Vincent Nundwe anasankhidwa mu June 2019, nthawi ya mademo a zisankho aja pamene asilikali ankaperekeza ochita zionetsero m'misewu, mu March 2020 anachotsedwa nkuikapo General Peter Namathanga, kenako mu September 2020 a Chakwera anawabwezeretsa pa mpando. Munthu mmodzi kulowa, kutuluka, kulowanso, zonse mkati mwa miyezi 15.

Maganizo anga, poti simunafunse koma ndinena: ena amati mkulu wa asilikali naye azidutsa ku Nyumba ya Malamulo. Ine sindikugwirizana nazo. Taonani mmene mavoti a IG amayendera, chipani ichi mbali iyi chipani icho mbali iyo, munthu asanayambe ntchito wapakidwa kale utoto. Chimene chikusowa si voti polowa, ndi chitetezo potuluka, kuti munthu asachotsedwe popanda chifukwa cholembedwa. Kwa IG malamulo anatchula kale zifukwa zochotsera, kulephera ntchito, kukondera moti sangagwirenso ntchito mwachilungamo, kudwala kapena kukwanitsa zaka zopumira, koma ndi kangati mwamva chikalata chochotsa munthu chikutchula chimodzi mwa zimenezi? Kawirikawiri timangomva kuti apatsidwa ntchito ina.

Malume, amuna anga ndi a polisi, takhala mu Lilongwe zaka zambiri, ana awiri ali pa sukulu, wina alemba mayeso a fomu 4 chaka chino, ine ndili ndi kagolosale. Bwana wawo atangosinthidwa, nawonso yabwera wayalesi kuti apite ku Chitipa. Akuti ndi chilango chifukwa ankagwirizana ndi bwana wakaleyo. Ndingapite ndekha ku Area 30 kukadandaula? — Mayi a kumalayini

Mayi, pepani, koma ku Area 30 musapiteko. Ndikudziwa kuti mtima ukuwawa ndipo inu ndi amene mukuona za fizi ndi za ndiwo, koma ku ntchito za yunifolomu mkazi akapita kukayankhulira mwamuna nkhani imafika kumalayini iye asanabwerere kunyumba, ndipo bambowo adzakhala choseketsa mpaka kupuma ntchito. Choipa kwambiri nchoti mabwana amaziona ngati kudumpha ndondomeko, mlandu umagwera iwo osati inu.

Chinanso tisaiwale, polowa ntchito anavomera kukagwira kulikonse m'Malawi. Chitipa ndi Malawi yemweyo, kuli anthu, kuli apolisi anzawo amene akhalako zaka zambiri ndipo nawonso amafuna ataonako tauni. Akuluakulu anati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Tikamati kutumizidwa ku Chitipa, ku Nsanje kapena ku Likoma ndi chilango ndiye kuti tikunena kuti anthu a kumeneko ndi oyenera kutetezedwa ndi apolisi olakwa okhaokha, zimene si zoona.

Koma nkhani ya mwana wa fomu 4 ndi yomveka ndipo mabwana ambiri amaimva ikabwera mwa njira yake. Bambowo alembe kalata kudzera kwa OC wawo kupita ku chigawo, asakane transifa, apemphe kuti tsiku lonyamuka lisunthidwe kufikira mwana atalemba MSCE, aphatikizepo umboni wa ku sukulu woti mwanayo analembetsa mayeso pa senta imeneyo. Kalata yopempha nthawi imayankhidwa mosiyana ndi kalata yokana. Zoti "ndikudziwa mukundilanga chifukwa cha bwana uje" asalembemo ngakhale pang'ono, sangathe kuperekera umboni ndipo zikhala mu fayilo mpaka kalekale.

Akakana, njira imene mabanja ambiri amatsata ndi yoti bambo atsogole, inu mutsale ndi ana mpaka mayeso athe. Apa funsani msanga za nyumba, ngati mukukhala ya boma kumalayini imapita kwa wobwera m'malo mwawo ndiye muyambiretu kufunafuna ya lendi, musadzadzidzimuke katundu ali panja. Afunsenso ku ofesi za galimoto yonyamula katundu ndi ndalama ya msamuko imene amayenera kulandira posamutsidwa ndi boma, ambiri amangonyamuka ndi ndalama za m'thumba osalemba kleimu, kenako chaka chatha.

Ngati pali umboni weniweni woti transifayi ndi yozunza, mwachitsanzo kusamutsidwa katatu chaka chimodzi, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere ndipo salipiritsa. Dziwaninso ichi chimene ambiri sadziwa: lamulo la Labour Relations Act silikhudza asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, ndiye zothamangira ku khoti la za ntchito ngati wa pakampani sizophweka kwa iwo. Njira ya khoti imakhala ya ku High Court kupempha kuti iunikenso chiganizocho, ndipo imeneyo ili ndi malire a miyezi itatu, ukachedwa wadziphera wekha mlandu. Koma kunena zoona, pa transifa imodzi yokha ine sindingalangize munthu kupita ku khoti. Udzawina pepala, koma ntchito udzaigwira ndi anthu omwewo.

Kagolosale musatseke. Ku Chitipa kuli malire a Tanzania ndi Zambia pafupi, amayi ochenjera kumeneko ndi kumene amapezako mpamba.

Malume, ndili ndi digiri koma ntchito ikusowa. Ndikufuna kulowa usilikali. Pali mkulu wina akuti ali ndi konekishoni ku Kamuzu Barracks, ndimutumizire ndalama pa foni andiike pa mndandanda. Komanso sindikumvetsa kusiyana kwa rikuluti ndi kadeti. — Mnyamata wa ku Mzimba

Mphwanga, ndalamayo gulira nsapato zothamangira. Kulowa MDF, polisi, ndende kapena imigireshoni sikulipiritsa, ndipo nthawi iliyonse yolemba anthu nthambizi zimachenjeza za akamberembere amenewa koma anthu amaberedwabe. Amene ali ndi mphamvu zenizeni zoika munthu pa mndandanda sangaike ntchito yake pachiswe chifukwa cha ndalama ya pa Mpamba kapena Airtel Money yochokera kwa munthu wosamudziwa. Dikira chilengezo cha m'nyuzipepala ndi pa wailesi, mmenemo amalemba zaka zofunika, makirediti a MSCE ndi malo a intavyu m'boma lako, tsata zimenezo.

Kusiyana kwake nkwakukulu ndipo kumakutsata moyo wonse. Rikuluti akamaliza maphunziro amatuluka ngati Private, nkumakwera Lance Corporal, Corporal, Sergeant, Staff Sergeant mpaka Warrant Officer. Kadeti amaphunzitsidwa utsogoleri, ambiri ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, ochepa amatumizidwa kunja monga ku Sandhurst ku Britain, ndipo akamaliza amapatsidwa komishoni nkuyambira pa Second Lieutenant, kenako Lieutenant, Captain, Major, kumapita mtsogolo mpaka kwa ma General. Ndi makwerero awiri osiyana. Mnyamata wa zaka 24 wongotuluka kumene ku MAFCO amalandira sawasha kwa Warrant Officer amene analowa ntchito iye asanabadwe, ngakhale wanzeru amadziwa kuti mdala ameneyo ndi amene angamuphunzitse ntchito.

Poti uli ndi digiri yesa ya ukadeti. Koma anyamata ambiri amapanga chonchi, amaona kuti malo a makadeti ndi ochepa ndiye amalowa ngati rikuluti ndi maganizo oti ndikalowa ndidzaonetsa digiri yanga adzandisintha. Zimatheka kwa ena, koma si lonjezo, ndipo ndawaona ambiri akukhala ndi mkwiyo zaka ndi zaka, digiri ili mu sutikesi iwo akulondera pa geti. Ukalowa ngati rikuluti lowa ndi mtima woti ndine msilikali wamba ndipo ndavomera, zinazo zikabwera ndi bonasi.

Komanso ndikufunse, ukufuna usilikali kapena ukufuna malipiro a pa mwezi? Si funso lonyoza, njala ndi njala. Koma werenga kalata yotsatirayi usanayankhe.

Malume, mchimwene wanga ndi msilikali ndipo akulimbana kuti dzina lake lilowe pa gulu lopita ku mishoni ya kunja. Akuti akabwerako amanga nyumba komanso akwezedwa udindo. Mayi athu sakugona. Kodi ndi zoona kuti mishoni imakweza munthu? — Mlongo wake, Zomba

Chemwali, za nyumbazo ndi zoona ndithu, mukazungulira kufupi ndi Cobbe Barracks konko, kapena Moyale ku Mzuzu, nyumba zambiri za malata atsopano anthu amakuuzani kuti iyi ndi ya ku Congo. Alawansi ya mishoni ndi ndalama imene msilikali wamba sangaisunge pa malipiro ake ngakhale atadya mchere okhaokha. Za udindo ndiye ayi, palibe lamulo loti wobwera ku mishoni akwezedwe. Zimathandiza mu fayilo, makamaka lipoti likakhala labwino, koma kukwera kumadalira makosi a udindo umenewo, malo opanda munthu ndi khalidwe. Alipo apita kawiri nkubwera ndi udindo womwewo.

Mayi anu sakulakwa kusagona. Asilikali athu akhala kum'mawa kwa DRC kuyambira 2013 mu gulu la United Nations lotchedwa Force Intervention Brigade limodzi ndi a Tanzania ndi South Africa, ndipo gulu limeneli silinali longoyang'anira mtendere, linapatsidwa mphamvu zomenya nkhondo ndi zigawenga. Mu November 2018 kufupi ndi Beni tinataya asilikali 6 pa nkhondo ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anaphedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu 2019 UN inamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yapamwamba kwambiri pa kulimba mtima, imene analandira ndi mkazi wake ku New York. Mu January 2025 tinatayanso ena amene anali pansi pa gulu la SADC pa nkhondo ndi zigawenga za M23, mpaka Pulezidenti Chakwera analamula kuti ayambe kukonzekera kubwerera kumudzi. Taonani udindo wa Chitete, Private. Amene amakhala kutsogolo ndi anyamata a maudindo a m'munsi omwewa.

Sindikunena kuti mumuletse, simungathe, ndipo ndi ntchito imene analumbirira. Chimene mungachite monga banja ndi kukhala naye pansi asananyamuke nkukambirana zinthu zimene ife Amalawi timaziopa kuzitchula. Pa mafomu a ku ntchito analemba ndani ngati wolandira zake? Ambiri analemba mayi kapena malume awo ali anyamata, pano ali ndi mkazi ndi ana koma sanasinthe, ndiye zikavuta mkangano wake umakhala wochititsa manyazi pamaliro. Alembe wilo. Ndalama zikamalowa ku akaunti, ndani akhale ndi khadi, ndipo zigwire ntchito yanji? Nkhani zoti munthu wabwera ku Congo nkupeza akaunti ili mbee, nyumba ili pa windo levulo, mkazi ndi abale akulozana zala, sizachilendo kumabalaki.

Ndipo akabwerako muzimuyang'ana. Wina amabwera ali chete, sagona, mowa wawonjezeka, kukwiya pa zinthu zazing'ono. Musamati ndi matama a ndalama za mishoni. Mulimbikitseni akaonane ndi achipatala kapena abusa a ku balaki, ndi zimene anaziona kumeneko.

Malume, ndine woyang'anira ndende. Nthawi zonse mukamakamba za yunifolomu mumangoti apolisi ndi asilikali. Ife ndiye ayi? — Wa ku Mapanga

Mwandigwira pakamwa afande, koma onani mwalowa m'magazini. Dandaulo lanu ndi lakale, mu 2017 oyang'anira ndende ananyanyala ntchito pofuna kuti maudindo ndi malipiro awo afanane ndi a polisi, chonsecho onse ali pansi pa unduna umodzi. Ntchito yanu anthu saiona chifukwa imachitikira kuseri kwa mpanda, ku Maula, ku Chichiri, ku Zomba, kumene akaidi ndi ochuluka kuposa malo. Zonse ndanena kwa konstabo uja za fayilo ndi makosi ndi zanunso. Lembaninso ndi funso lenileni, tidzalipatsa malo ake.

Malume, ndine sub-inspector ndipo ndikufuna kubwerera ku sukulu. Ena akuti ndikapeza digiri basi ndakwera, ena akuti mabwana amadana ndi ophunzira. Zoona ndi ziti? — Wofuna sukulu, Mangochi

Zonse ziwiri ndi zoona theka. Digiri payokha sikweza munthu, si tikiti yoti ukangoonetsa pa windo akupatse nyenyezi. Koma ukayang'ana amene afika pa ma Commissioner masiku ano, ovuta kupeza ndi amene alibe pepala la ku yunivesite, nthawi ya kukwera ndi JC ndi ukatswiri wa pa peledi inapita. Za mabwana odana ndi ophunzira, alipo, makamaka ngati wophunzirayo wayamba kukonza chizungu cha bwana pa miting'i. Zimenezo ndi za iwe mwini kudziletsa.

Chachikulu nchoti upite ndi chilolezo. Lemba kalata yopempha tchuthi cha maphunziro kapena chilolezo chophunzira uku ukugwira ntchito, udikire yankho lolembedwa. Anthu amalembetsa mwakachetechete makalasi a wikendi ku Blantyre, kenako transifa yabwera ya ku Karonga pakati pa semesita, fizi yapita, ndipo sungadandaule chifukwa ku ofesi sakudziwa kuti uli pa sukulu. Choipanso, wosowa pa duty chifukwa cha mayeso amene sanapemphere amalembedwa kuti wajomba, ndiye digiri ikubwera uku fayilo ikuda.

Sankhanso maphunziro amene ntchito ingawagwiritse. Mzuzu University ili ndi maphunziro a Security Studies amene apolisi ndi asilikali ambiri adutsamo. Malamulo ndi abwino ngati uli ku prosecution. Akawunti ndi zamakompyuta zikufunika kwambiri chifukwa milandu ya masiku ano ndi ya ndalama za pa foni ndi pa intaneti, ndipo ofufuza odziwa kutsata ndalama ndi ochepa. Usaiwalenso makosi a m'kati, a ku Police College ku Zomba ndi ena otero, chifukwa pokweza amayamba kufunsa amenewo asanafunse za ku yunivesite.

Pali phindu lina limene anthu saliwerengera. Ntchito ya boma ili ndi zaka zopumira, 60, ndipo ambiri a yunifolomu amachoka asanafike pamenepo. Wopuma amene ali ndi pepala amakapeza ntchito ya zachitetezo ku mabanki, ku makampani kapena ku mabungwe, ena amakaphunzitsa. Wopanda pepala, ngakhale anali ndi nyenyezi zingati, amapezeka akulimbirana ntchito ya usupavaiza wa magadi ndi anyamata amene ankawaphunzitsa yekha. Ndiye pita ku sukulu, koma ukamaliza tumiza kope ya satifiketi yotsimikizidwa ku likulu kudzera kwa OC ndipo ufunse kuti akusainire kuti alandira.

Funso la bambo a ku Kasungu lokhudza ndalama za penshoni zimene zachedwa chipumireni ntchito talisunga, likufunika malo okwanira ndiye lidzatuluka mwezi wamawa. Bambo, pakadali pano sonkhanitsani kalata yolembedwera ntchito, makalata onse okwezedwa udindo, kalata yopumira ndi pay slip yomaliza, mupange mafotokope awiriawiri ndipo ma orijino musasiye ku ofesi ya munthu aliyense.